Namondwe akulunjika ku Vilankulo: tipitebe, tidikire kapena tilowere kwina?

Funso lachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Johannesburg, koma kwawo ndi ku Zomba. Iwo alemba kuti: "Ine ndi bambo a kunyumba takhala tikusunga ndalama chaka chonse kuti ana athu awiri akatsekera sukulu kumapeto kwa Malichi tikawaonetse nyanja yamchere ku Vilankulo, m'dziko la Mozambique. Tinalipira kale theka la ndalama za malo ogona a masiku asanu ndi limodzi, ndipo tinakonza zoyenda pa galimoto yathu. Tsopano kwatsala masiku asanu, ndipo tikumva kuti namondwe ali panyanja pakati pa Madagascar ndi Mozambique ndipo akhoza kutera chakomweko. Inshuwalansi ya ulendo sitinagule. Kodi tipitebe, kapena tilowere kuti kuti tchuthi cha ana chisapite pachabe?"

Mayi, ndiyambe ndi yankho lachindunji, zifukwa zibwere pambuyo. Ngati malipoti a akatswiri a zanyengo akusonyezabe kuti namondweyo akhoza kutera m'chigawo cha Inhambane kapena kummwera kwa Sofala m'masiku amene inu munakonza, musanyamuke ndi ana. Komabe musathamangire kulembera eni malo ogona kuti mwathetsa ulendo, chifukwa mawu amene mungasankhe m'kalata imeneyo ndi amene adzaonetse ngati ndalama yanu yapulumuka kapena yapita. Ndakhala ndikukonzera anthu maulendo a kugombe la Mozambique kwa zaka zambiri, ndipo mabanja amene ndawaona akuluza kwambiri ali m'magulu awiri: amene anakakamira kupita chifukwa anali atalipira kale, ndi amene anathetsa zonse tsiku lomwe anamva nkhani pawailesi, asanafunse n'komwe kuti eni malo angawachitire chiyani.

Nkhani ya namondwe musaitengere m'magulu a WhatsApp, momwe zithunzi za zaka zisanu zapitazo zimayenda ngati za dzulo. Udindo wotsata anamondwe onse a kuchigawo chino cha nyanja ya India uli ndi ofesi ya Météo-France ya pachilumba cha La Réunion, imene imatulutsa lipoti latsopano maola asanu ndi limodzi alionse namondwe akakhalapo. Ku Mozambique machenjezo amachokera ku nthambi ya zanyengo ya INAM, ndipo bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la INGD ndilo limalengeza za kusamutsa anthu. Pamapu a La Réunion mudzaona mzere wosonyeza njira ya namondwe, ndi chinthu chooneka ngati lipenga chimene chimanka chikukula kutsogolo kwake. Anthu ambiri amaganiza kuti lipengalo ndi kukula kwa namondwe, kotero kuti tauni ikakhala kunja kwake pang'ono amapumira m'mwamba. Sichoncho ayi. Lipengalo limangosonyeza malo amene pakati penipeni pa namondwe pakhoza kudutsa, pamene mvula ndi mphepo zake zimafika makilomita mazana angapo kuchokera pakatipo. Likukulira kutsogolo chifukwa chakuti ulosi wa masiku asanu umaphonya kwambiri kuposa wa masiku awiri. Ichi ndi chifukwa chake ndikukuuzani kuti mukhoza kudikira tsiku limodzi kapena awiri musanamange mfundo yomaliza, koma kudikirako kuchitikire kunyumba, osati pa msewu.

Pali chinthu china chimene alendo ambiri sachidziwa. Kummwera kwa dziko lapansi kuno namondwe amazungulira motsata mmene mivi ya wotchi imayendera. Pa gombe loyang'ana kummawa ngati la Mozambique, izi zikutanthauza kuti malo amene ali kummwera kwa pamene namondwe waterera ndi amene amalandira mphepo yochokera panyanja, yokankhira madzi kumtunda. Idai atatera usiku wa pa 14 Malichi 2019, anatera kumpoto pang'ono kwa Beira, ndipo mzindawo unalandira mphepo ndi mafunde oopsa kwambiri. Choncho mukaona kuti mzere ukudutsa pakati pa Beira ndi Vilankulo, musanene kuti Vilankulo wapulumuka. Ali kumbali yoipayo.

Ndipo Vilankulo si mlendo pa zimenezi. Namondwe wa Favio anatera pomwepo pa 22 Febuluwale 2007 n'kusasula nyumba za m'tauni ndi malo ogona a pa zilumba za Bazaruto. Dineo anatera m'chigawo cha Inhambane pa 15 Febuluwale 2017. Filipo analowera cha ku Inhassoro, kumpoto pang'ono kwa Vilankulo, pa 12 Malichi 2024. Za Freddy sindikuyenera kufotokozera munthu wa ku Zomba, koma mwina simukumbukira kuti asanafike kwathu anayamba watera pafupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale 2023, kenako n'kubwerera panyanja, n'kukatenganso mphamvu, n'kudzateranso pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi, ndipo patangopita tsiku limodzi kapena awiri matope anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Namondwe ameneyu anakhala masiku 36, motalika kuposa wina aliyense amene analembedwapo. Ndamutchula pofuna kukusonyezani kuti njira ya pakati pa Madagascar ndi Mozambique ili ndi madzi ofunda amene amatha kudzutsa namondwe amene aliyense ankati wafa. Nyengo ya anamondwe imayamba pakati pa Novembala n'kufika kumapeto kwa Epulo, ndipo miyezi yoopsa kwambiri ndi Januwale, Febuluwale ndi Malichi. Ngakhale kumapeto kwenikweni sikudalirika, pakuti Kenneth anatera kumpoto kwa Mozambique pa 25 Epulo 2019.

Kwa inu amene mukuyenda pa galimoto, chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi msewu, kuposa mphepo ya kugombe. Kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Vilankulo ndi makilomita oposa 1,200, ndipo mukadutsa chipata cha Lebombo ndi Ressano Garcia n'kupitirira Maputo, msewu wodalirika wopita kumpoto ndi umodzi wokha, wa N1. Msewuwu umadutsa m'zigwa za mitsinje ya Incomati ndi Limpopo, ndipo m'chaka cha 2000 madzi osefukira anaudula m'chigwa cha Limpopo, Xai-Xai ndi Chókwè atamira. Madzi a m'mitsinje imeneyi amachokera kutali, ku South Africa ndi ku Zimbabwe, ndiye amatha kufika patapita masiku namondwe atadutsa, kumwamba kukuwala bwinobwino. Banja likhoza kufika ku Vilankulo mosavuta, n'kupeza kuti njira yobwerera yatsekeka kumbuyo kwawo, sukulu zikutsegulidwa, bambo akudikiridwa kuntchito, ndalama za m'thumba zikutha pamene makina a banki sakugwira ntchito.

Mwina mukuganiza kuti namondwe akadutsa masiku awiri musanafike, ndiye kuti zatha. Ganizirani chimene mukufuna kukaonetsa anawo. Ulemerero wa Vilankulo ndi madzi oyera ngati galasi, ulendo wa pa bwato la thanga wopita ku Magaruque kapena ku Bazaruto, ndi nsomba za m'matanthwe a Two Mile Reef. Namondwe akangodutsa, madzi amakhala a matope, gombe limadzaza zinyalala ndi mitengo, mafunde amakhala ndi mphamvu yokokera munthu pakati, ndipo mabwato amaletsedwa kuyenda mpaka nyanja itakhazikika. Magetsi, madzi a m'mipopi ndi netiweki ya foni zimatha kusowa kwa masiku angapo. Madzi odikha amachulukitsa udzudzu m'dera limene malungo alipo kale, ndipo kolera anabuka ku Beira pambuyo pa Idai, monganso anakulira ku Quelimane pambuyo pa Freddy. Ndiwonjezere chinthu chimodzi chimene ena sachiona ngati nkhani ya mlendo: antchito a pa loji amene akuyembekezeka kukuphikirani ndi kukuyalirani amakhala ali ndi nyumba zawo zosasuka, ndipo madzi akumwa ochepa amene alipo m'tauni amafunika kwa eni dera.

Tsopano za ndalama, zimene ndikudziwa kuti ndi zimene zikukusowetsani tulo. Pezani uthenga umene anakutumizirani potsimikiza malo, muwerenge ndime yonena za kuthetsa ndi kusintha masiku. Malo ambiri a kugombe salola kubweza dipoziti mlendo akathetsa patatsala masiku ochepa, koma ambiri omwewo amavomera kusuntha masiku pakakhala namondwe, chifukwa nawonso safuna kukhala ndi alendo oti aziwasamalira denga likuuluka. Choncho alembereni lero, pa imelo kapena pa uthenga wolembedwa osati pa foni yongolankhula, ndipo musalembe mawu oti mukuthetsa. Nenani kuti mwaona chenjezo la INAM, afunseni ngati iwo akulangiza alendo kubwera, ndipo pemphani kuti dipoziti yanu isungidwe kuti mudzaigwiritse ntchito m'miyezi khumi ndi iwiri ikubwerayi. Akavomera, atchule m'kalata kuchuluka kwa ndalama imene asunga, tsiku limene mwayiwo udzathe, komanso ngati mtengo wa chipinda udzakhale womwewo. Mfundo yomalizayi anthu amaiiwala, n'kudzadabwa akuuzidwa kuti awonjezere ndalama chifukwa masiku atsopanowo agwera m'nyengo yodula.

Akakana, apa ndi pamene kuona maso a nkhono n'kudekha. Eni malo akatseka okha, kapena boma likalamula kuti anthu achoke kugombe, ndiye kuti iwo ndi amene alephera kupereka chimene munalipira, ndipo muli ndi poyambira pofunsa ndalama yanu. Ngati munalipira ndi khadi ya banki, bankiyo ili ndi njira yodandaulira pa ntchito imene munalipira koma sinaperekedwe, ndipo idzafuna makalata onse amene munalemberana. Ngati munadzera pa tsamba la pa intaneti losungitsira malo, dandaulo lanu lidutse pa tsamba lomwelo, chifukwa mgwirizano wanu uli pamenepo. Ngati munadzera kwa kampani ya maulendo ya ku South Africa, gawo 17 la lamulo loteteza ogula la 2008 limalola munthu kuthetsa malo amene anasungitsiratu, ndipo limati chindapusa chake chikhale choyenera, osati chongolanda zonse popanda kuganizira. Koma lamuloli silifika kwa mwini loji wa ku Mozambique amene munamutumizira ndalama mwachindunji. Pokambirana naye kumbukirani kuti nayenso ali pa mavuto. Ndaona kuti mawu aulemu opempha kusuntha masiku amatsegula zitseko zimene kuopseza ndi maloya kumatseka.

Za inshuwalansi, musataye ndalama kuigula lero poganiza kuti ikuthandizani pa namondwe uyu. Namondwe akangopatsidwa dzina, zimene zimachitika mphepo yake ikafika pafupifupi makilomita 63 pa ola, makampani a inshuwalansi amamutenga ngati vuto lodziwika kale, ndipo nthawi zambiri salipira wina amene wagula pambuyo pake. Inshuwalansi yothandiza ndi yogula tsiku lomwe mwalipira dipoziti. Kwa owerenga ena amene anagula matikiti a ndege yopita ku Vilankulo, nzeru yake ndi yofanana ndi ya malo ogona: kampani ikaimitsa yokha ndege, imakusunthirani tsiku kapena kukubwezerani, koma mukathetsa nokha ndege ikadali pa ndandanda, mumagwa m'malamulo a tikiti yanu.

Tifike pa funso lanu lenileni, loti mulowere kuti. Apa ndi pamene anthu amalakwa kwambiri, chifukwa amaona namondwe ngati vuto la kugombe lokha, n'kuganiza kuti kulikonse kumtunda kuli bwino. Namondwe akatera mphepo yake imachepa, koma mvula yake imapitirira ulendo, ndipo mvulayo ndi imene imapha anthu ambiri. Idai anatera ku Beira, koma anakagumula mapiri ku Chimanimani m'dziko la Zimbabwe. Malo olowera, tsono, ayenera kukhala kunja kwa njira yonse imene mvulayo ingadutse.

Ndi chifukwa chake sindikukulangizani nkhalango ya Kruger, ngakhale ili panjira yanu ndipo ndi imene aliyense amayamba kuiganizira. Kruger ili kuseri kwenikweni kwa chigawo cha Gaza, ndipo mvula ya namondwe wotera kummwera kwa Mozambique imakonda kukathera kumeneko. Mu Febuluwale 2000 mtsinje wa Sabie unasefukira mpaka kulowa mu Skukuza, ndipo mu Januwale 2021 mvula ya Eloise, amene anatera cha ku Beira, inatseketsa misewu yafumbi ndi milatho yotsika m'nkhalangomo. Chaka chimenecho ndinali ndi banja limene linasiya ulendo wa kugombe n'kulowera ku Kruger mosandifunsa, ndipo linakhala masiku atatu m'kanyumba likuonerera mvula pa zenera, nyama zitabisala m'tchire lalitali.

Ponta do Ouro, kumalire a Mozambique ndi South Africa, ndi malo okongola amene afupika kwambiri chitsegulire mlatho wa Maputo ndi Katembe mu 2018, ndipo anamondwe safikako kawirikawiri. Komabe anamondwe ena a m'dera lino akatera amakhotera kummwera. Filipo anachita zimenezo, anatsika kudutsa Inhambane ndi Gaza n'kukagwetsa mvula yambiri ku Maputo asanabwerere panyanja. Domoina mu Januwale 1984 anasefukiritsa mitsinje ku Swaziland ndi kumpoto kwa Natal. Choncho Ponta do Ouro, Sodwana Bay ndi St Lucia ndi malo oti mungawaganizire pokhapokha ulosi utasonyeza bwino kuti namondweyo akulowera kumpoto kapena kumadzulo, ndipo ngakhale atatero mafunde ake amafika kutali, moti ana akhoza kuletsedwa kusambira. Durban ndi magombe a kummwera kwake ali patali mokwanira pa anamondwe ambiri, ndi ulendo wa makilomita osakwana 600 pa msewu wa N3, madzi ake ndi ofunda, ndipo ku uShaka Marine World ana akhoza kuona nsomba zikuluzikulu ngakhale kunja kukugwa mvula. Ndi malo abwino ngati ulosi wa South African Weather Service wa sabata imeneyo uli woyera. Ndikuti muuyang'ane chifukwa chigumula cha mu Epulo 2022, chimene chinapha anthu oposa 400 ku KwaZulu-Natal, chinachitika nyengo ngati yomweyi, ngakhale sichinayambe ndi namondwe wochokera kumpoto.

Ndikudziwa kuti mtima ukukuuzani kuti, nanga bwanji osangopita kwathu, ana akaone agogo ku Zomba n'kukasambira ku Mangochi kapena ku Cape Maclear? M'miyezi ina ndikanakhala woyamba kukuuzani zimenezo, pakuti nsomba za mbuna za ku Lake Malawi National Park sizichepera nsomba za m'nyanja yamchere pa kukongola, ndipo mwana amasambira m'madzi opanda mchere mosaopa mafunde. Koma pa sabata ino taonani njira yake. Kuchokera ku Beitbridge mudutsa Harare, Nyamapanda, Tete, n'kukalowera pa Zobue ndi Mwanza, ndipo dera la Tete ndi chigawo cha kummwera kwa Malawi ndi kumene mvula ya anamondwe otera pakati pa Beira ndi Nampula imakonda kukathera. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo kwathu anaononga malo opangira magetsi a Kapichira. Ngati namondwe uyu angakhotere kumpoto, mungakhale mukuthamangira komwe iye akupita. Kumpoto kwa nyanja, ku Chintheche ndi ku Nkhata Bay, anamondwe safikako ndi mphamvu, koma Malichi ndi Epulo ndi miyezi ya mvula yambiri kumeneko, ndipo msewu wa m'mbali mwa nyanja wa M5 umaduka milatho m'nyengo ngati imeneyi. Ulendo wa kwathu usungeni, udzakhale wa Sepitembala kapena Okutobala, mwera utaleka ndipo madzi atayera.

Zanzibar ili pafupi ndi mzere wapakati wa dziko, kumene anamondwe samakula bwino, koma kumapeto kwa Malichi ndi pamene mvula yawo yaikulu imayamba, ndipo matikiti anayi a ndege ogula mochedwa akhoza kumeza ndalama yonse imene yatsala. Sindikuona chifukwa choti muvutikire zimenezo.

Ndikanakhala inu, ndikanatembenuza galimoto kuyang'ana kummwera chakumadzulo. Chigawo cha Western Cape chili ndi nyengo yosiyana ndi yathu: mvula yake yambiri imagwa m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo anamondwe a m'nyanja ya India safikako chifukwa madzi ake ndi ozizira kwambiri moti sangawadyetse. Chimene ambiri sachizindikira ndi chakuti mtunda wochokera ku Johannesburg kukafika ku Mossel Bay ndi wofanana pafupifupi ndi wopita ku Vilankulo. Mafuta amene munawerengera ndi omwewo, masiku a panjira ndi omwewo, ndipo mwapulumutsa ndalama za pachipata, inshuwalansi ya galimoto ya ku Mozambique, kusintha ndalama, komanso mankhwala oteteza ku malungo, poti kumeneko malungo kulibe. Mutsika ndi msewu wa N1 kudutsa Bloemfontein ndi Colesberg, mugona panjira, kenako pa Beaufort West mukhotera mu N12 kulowera ku Oudtshoorn, kumene ana akaone nthiwatiwa ndi mapanga a Cango, musanatsike mapiri kukaona nyanja. Mossel Bay, Wilderness ndi Plettenberg Bay ali ndi magombe a mchenga okhala ndi opulumutsa anthu m'nyengo ya tchuthi. Ndisakunamizeni: madzi ake ndi ozizirirapo poyerekeza ndi a ku Vilankulo, dera limeneli limalandira mvula pang'onopang'ono chaka chonse, ndipo simudzaona migwalangwa ndi mabwato a thanga. Koma ana amene sanaonepo nyanja yamchere adzaiona, adzailawa, ndipo adzathamangitsana ndi mafunde.

Mukafuna kupitirira mpaka ku Cape Town, womwe uli makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera ku Johannesburg, ana akasambire mbali ya False Bay, ku Muizenberg kapena ku Fish Hoek, osati ku Camps Bay kumene madzi a Atlantic amaumitsa miyendo. Ku Boulders Beach, pafupi ndi Simon's Town, akaona mbalame za penguin zikuyenda pa mchenga. Vuto la njira yonseyi ndi limodzi, loti tchuthi cha sukulu chikagundana ndi Pasaka malo ogona amadzaza msanga ndipo amakwera mtengo. Funani nyumba zodziphikira nokha m'matauni ang'onoang'ono monga Hartenbos kapena Sedgefield, ndipo sankhani malo amene amalola kuthetsa mwaulere, kuti muwagwire lero pamene mukudikira yankho la ku Vilankulo.

Pali funso limene muyenera kukhala pansi ndi bambo n'kuliyankha moona mtima: ngati theka la ndalama za malo ogona lamangika ku Vilankulo, kodi zotsalazo zikukwana ulendo wina wautali popanda kudya ndalama za ulendo wosunthidwawo? Ngati sizikukwana, musabwereke. Pangani tchuthi chachifupi cha masiku awiri kapena atatu pafupi. Nkhalango ya Pilanesberg ili maola osakwana atatu kuchokera ku Johannesburg, ilibe malungo, ili ndi njovu, mikango ndi zipembere, ndipo mukhoza kuyendamo ndi galimoto yanu yomweyo. Pambali pake pali Sun City, kumene dziwe la Valley of Waves lili ndi mchenga ndi mafunde opangidwa ndi makina. Munthu wamkulu akhoza kuseka kuti imeneyo si nyanja, koma sindinaonepo mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akudandaula kumeneko. Derali lili kumadzulo mokwanira moti mvula ya namondwe ikafikako imakhala itachepa mphamvu, komabe yang'anani ulosi musanalipire.

Anawo auzeni zoona, molingana ndi msinkhu wawo. Aonetseni mapu, aone pamene pali namondwe ndi pamene pali Vilankulo, ndipo auzeni tsiku latsopano lenileni m'malo mongoti tidzapita tsiku lina. Ana amapirira kusintha akakhala ndi tsiku loti aziwerengera pa kalendala.

Tsiku limenelo ndingakusankhireni tchuthi cha sukulu cha kumapeto kwa Juni ndi Julayi, kapena cha kumapeto kwa Sepitembala. Miyezi imeneyi kugombe la Inhambane mvula imakhala yochepa, kutentha kumakhala kopiririka, udzudzu umachepa ngakhale kuti mankhwala a malungo ndi masikito zimafunikabe, ndipo anangumi amakhala akudutsa m'mbali mwa Bazaruto ndi Tofo pa ulendo wawo wochokera kunyanja zozizira za kummwera, chinthu chimene mu Malichi simukanachiona. Polembera eni malo, tchulani masiku awiri osiyana a m'nyengo imeneyo kuti asankhepo, chifukwa mabanja ena onse amene asokonezedwa ndi namondwe yemweyu akhala akupempha masabata omwewo, ndipo woyamba kulemba ndi amene amapeza chipinda. Patatsala mwezi umodzi kuti munyamuke, apempheni zithunzi zatsopano za malowo ndi za msewu wochokera pa Pambarra kulowa m'tauni, kuti mudziwe ngati kukonza kunatha. Onaninso kuti mapasipoti anu nonse ndi zilolezo zanu zokhalira ku South Africa zidzakhala zisanathe pa masiku atsopanowo, ndipo ngati galimoto ikadali pa ngongole, kalata ya banki yolola kuituluka nayo m'dziko imakhala ndi masiku ake, choncho idzafunika kupemphedwanso. Inshuwalansi ya ulendo muigule tsiku lomwe eni malo atsimikize masiku atsopanowo, ndipo musanasaine mufunse ngati imalipira malo ogona akatsekedwa chifukwa cha nyengo yoipa kapena msewu ukaduka muli kale kumeneko.